Mwana akafuna sociology, musamuletse

Lolemba lapitali n'nakwera basi ya ku Chelstone pa Kulima Tower. Titafika pa UNZA, mtsikana wina anatsika ndi cikwama ca mabuku, ndipo amai amene n'nakhala nao pampando anayamba kudandaula. Akuti mwana wao nayenso ali pomwepo, acita economics, koma manje waonjezerapo sociology ngati minor. "Nanga adzadya sociology? Ife tivutika ndi ndalama za sukulu, iye ati afuna kuphunzira za anthu. Anthu si awa tapanikizana nao muno?"

Basi yonse inaseka, ine pamodzi. Koma amai, ngati muwerenga pano, ine nditi mwanayo musiyeni.

Coyamba, minor simulanda mwana maphunziro ake aakulu. Economics ikhalabe pamwamba, sociology ibwera pambali ngati ndiwo. Ndipo ndiwo zimenezi mzinda wathu uzifuna.

Kumbukirani kolera ya 2017 ndi 2018 muno mu Lusaka. Za matenda, madokotala anadziwa cocita. Boma linacotsa ogulitsa m'miseu, masukulu anacedwa kutsegulidwa, ndipo ku Kanyama anaika lamulo loletsa kuyenda usiku. Mu Januwale 2018 anthu a ku Kanyama anacita cipolowe. Sikuti anali kukonda kolera, iyai. Mai wogulitsa tomato akapanda kugulitsa lero, ana agona ndi njala lero lomwe. Wophunzira sociology aphunzitsidwa kufunsa mafunso otere lamulo lisanatuluke: madzi atunga kuti? Msika ukatsekedwa adzadya ciani? Mu komboni amvera ndani, abusa, akansala kapena apampando a msika?

Ndipo maphunziro awa si alendo kwathu kuno. Rhodes-Livingstone Institute, imene pambuyo pake inalowa mu UNZA, inachuka dziko lonse cifukwa cofufuza umoyo wa m'matauni athu. Mu 1956 J. Clyde Mitchell anatulutsa buku lonena za gule wa kalela ku Luanshya. Anaonetsa momwe anthu a mitundu yosiyana, atakumana ku migodi, anapezera njira zokhalira pamodzi, kuphatikizapo cimbuya cimene Abemba ndi Angoni acita mpaka lero pa maliro. Azungu anabwera kudzaphunzira za ife. Nanga mwana wa ku Mtendere tizimuletsa bwanji?

Sindinamiza munthu: nchito yavuta, ndipo ma degree ambiri agona m'masutukesi. Ndiye cifukwa cake ndiyamikira mwanayu, cifukwa sanaike mbeu zonse pa phando limodzi. Wa economics amene amvetsa momwe cilimba ciyendera pakati pa azimai a pa Soweto Market adzathandiza banki kapena khonsolo kuposa uja adziwa masamu cabe.

Koma nawe mwana wa sukulu, ndili ndi mau. Sociology ya m'kalasi yokha siikwana. Kwera basi, tsegula makutu. Ba kondakita adziwa tsiku limene anthu alandira, adziwa amene adzati "nasiyako wani kwaca", adziwa pofunika kukalipa ndi pofunika kuseka. Akuposa kale, ndipo alibe pepala.

Amai aja anatsikira pa Munali tisanamalize nkhani. Ndikhulupirira nyuzipepala ino iwapeza.