Musanamizire chisanu, batire munaipha nokha

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwathu, lero ndabwera ndi mkangano. Chaka chilichonse Juni akangolowa, mwera n'kuyamba kuwomba cha ku Chiuta, dandaulo limakhala limodzi kuyambira pano pa Chikweo mpaka ku Nselema ndi ku Ntaja: njinga yakana kulira, chisanu chalowa mu injini. Mwini njinga amakankha mpaka thukuta, kenako amakagula batire yatsopano, mwinanso sitata yomwe, ndipo chaka chamawa amabwerezanso zomwezo. Ine ndikuti chisanu tikuchinamizira. Njinga imene yakana kulira m'mawa wa Julayi inali itadwala kale, ndipo anthu amene anaidwalitsa timawadziwa. Ena mwa iwo ndi ife aphunzitsi.

Tiyambe ndi chisanu chenichenicho. Kuno kwathu madzi anayamba aundanapo mu ndowa? Ayi. Abale athu ambiri a kuno ku Machinga ali ku Joni, ndipo ena amagwira ntchito yoperekera zakudya pa njinga zamoto. Ku Johannesburg mu Juni udzu umachita kuyera ndi chisanu m'mawa, koma njinga zawo zimalira. Mafakitale akamayesa mphamvu ya batire yolizira injini amaiyesera pa madigiri 18 pansi pa ziro. Ndiye kamphepo kathu aka, kongofuna juzi imodzi, n'kamene kangagonjetse batire yabwinobwino?

Sindikukana kuti kuzizira kumachitapo kanthu. Kumachita zinthu zitatu, ndipo zonse zili m'mabuku a Chemistry ndi Physics amene munkawanyamula. Choyamba, batire imapanga magetsi pamene mtovu ukugwirana ndi asidi, ndipo kukazizira ntchito imeneyi imayenda pang'onopang'ono. Chachiwiri, oilo amalimba, choncho injini imalemera kuizunguza. Chachitatu, petulo sasanduka nthunzi msanga, pamene chimene chimayaka mu injini ndi nthunzi yosakanikirana ndi mpweya. Zitatuzi zimachotsako mphamvu pang'ono. Batire yathanzi imapirira. Yotha kale imagwa. Chisanu chili ngati mayeso a MANEB: amene sanawerenge chaka chonse asamati anamulepheretsa ndi mayeso.

Nanga batire inatha liti? Inatha mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa likuswa mtengo. Kutentha ndi kumene kumadya batire: madzi amaphwa, timapuleti ta m'kati timakhala pamtunda, ndipo mbali imene yauma siibwereranso mwakale. Ndi angati mwa inu a kabaza amene mumasuzumira mzere wa madzi a batire ngakhale kamodzi pa mwezi? Ndipo mukaona kuti aphwa mumathiramo chiyani? Ena amathira asidi wina, ena madzi a pa mjigo. Zonse ziwiri n'kupha. Chimene chimauluka ndi madzi okha, asidi amatsala momwemo, choncho chobwezeramo ndi madzi a batire otcheza, aja ogulitsidwa m'mabotolo. Madzi a pa mjigo ali ndi mchere umene umawononga timapuleti. Mabatire omata aja safuna kuthira kanthu, musawabowole.

Onjezanipo katundu amene mwaisenzetsa. Batire ya njinga za 125 kapena 150, kaya ndi Lifo kaya Boxer, ndi kanthu kakang'ono, nthawi zambiri 5 mpaka 7 Ah basi. Pamenepo mwamangapo wailesi ndi sipika, magetsi amitundumitundu ngati Khirisimasi, ndi potchajira mafoni awiri. Pa siteji injini yazima koma nyimbo zikulira. Kasitomala akabwera mwadina sitata, ulendo wake wa kilomita imodzi, mwazimitsanso. Mukutapa m'nkhokwe kambiri kuposa mmene mukuthiramo. Batire ya mtovu ikakhalitsa ili yosadzaza, pa timapuleti pamauma zoyera zimene sizisungunukanso ngakhale muitchaje usiku wonse.

Tsopano ndifike kwa inu otchaja mabatire m'misika yathu. Ena ndinu ana anga ndipo ndimanyadira kuti mukudzidalira, koma zimene mukuchita si zoona. Lamulo lake ndi losavuta: gawani mphamvu ya batire ndi 10. Batire ya 7 Ah imafuna 0.7 A kwa maola pafupifupi 10. Inu mumailumikiza ku tchaja ya mabatire a galimoto, kapena ku sola mwachindunji popanda kabokosi kowongolera magetsi, chonsecho panelo imene timaitcha ya 12 volts imatha kukwera kupitirira 18 dzuwa likakhwima. Batire ikatentha n'kuyamba kuwira mumati yadya bwino. Imeneyo mwaiphika. Mwini wake amakondwa masiku atatu, lachinayi wabweranso, inu n'kulandiranso ndalama. Ndiye pali kuyesa kwanu kuja kogundanitsa mawaya kuti muone moto. Batire ikamatchajidwa imatulutsa mpweya wa hydrogen, umene umaphulika ndi kamoto kochepa. Maso a munthu ndi awiri okha, ndipo asidi sawamvera chisoni. Batire yakufanso musamaiswe pakhomo pamene ana akusewera, chifukwa mtovu ndi poizoni amene amawononga ubongo wa mwana.

Amakaniko nanunso muli pa mlandu. Munthu akangoti sitata sikugwira, ena mwa inu mumathamangira kuimenya ndi sipanala, ikakana mumati gulani ina. M'kati mwa sitata muli maginito amene amasweka ndi kumenyako. Njinga imanena yokha pamene ikumva kuwawa, bola kuimvera. Ngati kiki ikuliza mosavuta koma sitata ikukana, injini ilibe mlandu, fufuzani njira ya magetsi. Mukadina batani magetsi n'kuzilala, ndiye batire yafooka kapena mitu yake yachita dzimbiri kapenanso yakhwepa. Mukamva kuti tcha koma magetsi osazilala, yang'anani kaswitchi kamene kamalira kaja, waya wopita ku sitata, ndi timakala ta m'kati mwake, timene timatha ngati choko ndipo timagulitsidwa patokha. Sitata ikamazungulira yokha injini ili duu, vuto ndi kakilatchi kake. Zonsezi zimakonzeka osagula sitata yathunthu. Makaniko amene sanayeze kanthu koma wakuuzani kale chogula, ameneyo akulosera ngati sing'anga.

Ngati kiki ndi sitata zonse zakanika, pitani ku mafuta, pulagi ndi mavavu. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, ntchito imene inayamba ku Dwangwa mu 1982. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo kukazizira sasanduka nthunzi mofulumira. Nanga wa m'zigubu ndi m'mabotolo amene wakhala padzuwa masiku angapo, mbali yake yosavuta kuyaka itauluka kale, mukuyembekezera kuti achite zotani mbandakucha? Choki anaiikapo chifukwa cha m'mawa ngati umenewu, koma ndimaona njinga zambiri zimene choki yake inathyoka kalekale kapena inamangidwa ndi waya. Kokani choki, ponderani kiki kawiri kapena katatu kiyi ali wozimitsa, kenako tsegulani kiyi mulize, osapotokola mafuta ngati mukukama ng'ombe. Sitata musaidine kupitirira masekondi 5, ndipo mupume masekondi 10 musanadinenso. Injini ikatenthera bwezani choki, apo ayi pulagi ichita mwaye.

Koma mlandu waukulu ndausungira ife, aphunzitsi anzanga. Anyamata amene ndikuwadzudzulawa anakhala pa mabenchi athu zaka zinayi. Tinawajambulira maselo pa bolodi, tinawaloweza lamulo la Ohm, ena anakhoza ndithu. Lero sadziwa kuti batire imene akhalira pansi pa mpando ili ndi maselo 6, lililonse la 2.1 volts, ndi kuti yodzaza imaonetsa 12.6 kapena 12.7. Sadziwa kuti ikaonetsa 12.0 yatsika kale kupitirira theka. Sadziwa kuti injini ikamalira mita iyenera kuonetsa pakati pa 13.5 ndi 14.5, ndi kuti ikapanda kufika pamenepo vuto lili ku koilo kapena ku regulator, moti batire yatsopano idzafanso imfa yomweyo. Batire ya mtundu umenewu anaitulukira Gaston Planté ku France mu 1859. Papita zaka zoposa 160, koma pa Chikweo ikadali nkhani ya matsenga. Manyazi amenewa ndi a ndani?

Ndikudziwa zimene mundiyankhe mu staff room. Muti ma CDSS athu alibe labu. Zoona, ambiri alibe. Koma tulukani panja muwerenge njinga zimene zaimikidwa pansi pa mtengo, zina ndi zanu zomwe. Imeneyo si labu? Mita yoyezera magetsi ndi kachipangizo kolowa m'thumba la malaya, ndipo sukulu imene imakwanitsa kugula mpira ingalephere kugula kamodzi? Muti silabasi ndi yaitali, nthawi palibe. Maselo, asidi ndi liwiro la kusintha kwa zinthu zili kale mu silabasimo, ine ndikungopempha kuti phunziro limodzi lichitikire pambali pa njinga. Mwana amene wayeza yekha 12.6 n'kuona nambala ikutsika pamene mnzake wadina sitata sadzaiwala, ngakhale m'chipinda cha mayeso. Ena muti umakaniko ndi wa TEVETA, ife timaphunzitsa opita ku yunivesite. Werengani kalasi yanu ya Fomu 4 ya chaka chatha, muone angati ali ku yunivesite ndi angati ali pa siteji ya kabaza. Otsalawo tinkawaphunzitsira chiyani?

Inunso a kabaza muti mavuto ndi ndalama, munthu amagula chimene angakwanitse. Ndikumva, ndipo malipiro a mphunzitsi nawonso sanditengera patali. Koma kupukuta mitu ya batire ndi kumanga bawuti sikufuna ndalama. Kuzimitsa wailesi injini ikazima n'kwaulere. Kuliza ndi kiki ulendo woyamba wa m'mawa, sitata n'kuisungira masana, n'kwaulere. Kugoneka njinga m'nyumba kapena kuifunditsa kuti isagwere mame n'kwaulere. Wosauka ndiye amene sayenera kugula batire kawiri pa chaka. Safunsa anadya phula.

Nkhaniyi sindikuitenga mwamasewera chifukwa kuno njinga yamoto ndiyo ambulansi yathu. Mayi akayamba kumva zowawa 4 koloko m'mawa, kapena mwana akakomoka ndi malungo, palibe amene amadikira galimoto yochokera ku Liwonde. Amagogoda pa khomo la wa kabaza. Ola limene mukukankha njinga mumdima, wina akulilipira ndi magazi. Ndipo kwa inu oyendetsa njinga ya eni, tsiku limene yagona bwana safunsa za chisanu, amafuna ndalama yake.

Choncho ndikupempha zinthu ziwiri. Inu ana anga, mwezi wa Meyi usanathe yezetsani batire, muone pulagi, mukonzetse choki, ndipo wotchaja mumufunse kuti akuthira ma amp angati. Akakwiya, nyamulani batire yanu. Inu aphunzitsi a sayansi, temu ino tulutsani kalasi imodzi panja ndi mita m'manja. Amene akuona kuti ndalakwitsa abwere ndi njinga yake kusukulu m'mawa kwambiri, tidzayeze pamaso pa ana.