Masipayo a agogo anga

Agogo anga aakazi, omwe anabadwira cha ku Mandimba, kutsidya kwa malire a Chiponde, sankatchula liwu loti wapolisi. Tikakwera matola kuchoka ku Namwera kutsetserekera ku Mangochi boma, akangoona yunifolomu pamsewu ankandigwira dzanja n'kunong'ona kuti, "Iwe, khala chete, masipayo awo." Chikhatho chawo chinkanyowa ndi thukuta.

Ndinakula ndikuyesa kuti liwuli ndi la Chiyao, koma ayi. Kwawo kwa liwuli ndi ku India, komwe msilikali amamutcha sipahi, liwu lomwe Amwenye nawonso anabwereka ku Chiperisiya. Apwitikizi, omwe analanda Goa mu 1510, analitola n'kulisandutsa sipaio, kenaka n'kuliveka apolisi achikuda a ku Mozambique.

Chondidabwitsa n'chakuti ma sipahi enieniwo anapondadi nthaka ya Mangochi. Mu 1891 Harry Johnston anafika kuno ndi Captain Cecil Maguire pamodzi ndi asilikali ochokera ku India, ambiri a iwo Asikh, ndipo anamanga linga la Fort Johnston m'mphepete mwa Shire, moyang'anizana ndi mudzi wa Mponda. Chaka chisanathe, mu Disembala, Maguire anaphedwa panyanja polimbana ndi ankhondo a Makanjira. Komatu dzina loti sipahi silinamere mizu kwathu kuno. Ife tinangoti asilikali, liwu lomwe tinatenga ku Chiswahili, serikali, nalonso lochokera ku sarkar, dzina la boma ku India komweko.

Liwu loti sipayo linakakamira kumene linapweteka anthu. Sipayo amene agogo ankamuopa sanali Mmwenye kapena Mzungu. Anali mwana wa m'mudzi woyandikana nawo, wodziwa njira zonse za kumunda ndi kumene amuna ankabisala. Kampani ya Companhia do Niassa, yomwe inalamulira chigawo cha kwawo kwa agogo mpaka 1929, inkatuma anthu otere kukatolera msonkho, ndipo boma la Apwitikizi linapitiriza kuwatuma kukagwira anthu a chibalo. Wolephera msonkho ankatambasula manja n'kulandira mbalamatodya, thabwa lija lobowola mabowo, mpaka zikhatho kutupa osatha kugwira khasu. Ambiri anathawira ku Nyasaland chifukwa cha zimenezi, banja lathu lili m'gulu lomwelo.

Agogo anakhala m'Malawi zaka zoposa makumi asanu. Tsiku lina akuba atatibera mbuzi ziwiri m'khola, malume anati tikanene kupolisi. Agogo anakana kwamtuwagalu, nati bola mbuzizo zipite.