Chozimitsira moto chili pakhomacho, mumachidziwa?

Tsiku lina ndili kometetsa, ekisitenshoni yomwe timatchajirapo mafoni inayamba kuthetheka, kenako utsi tolotolo. Mnyamata wina anathamangira ndowa ya madzi. Mwamwayi, ometawo anakuwa: "Iwe, ukufuna kutipha?" Anathimitsa magetsi n'kuyalula chozimitsira moto chokhala ndi chizindikiro chakuda. Anangoti fwaa, moto uja zii.

Anatipulumutsa ndi mpweya wa carbon dioxide. Magetsi amayenda m'madzi, ndiye kuthira madzi pa waya woyaka n'kudziputira ngozi. Mu mpweyawu magetsi sadutsa, komanso susiya zinyalala pa kompyuta kapena TV.

Nanga umazimitsa bwanji? Moto umayaka ndi okosijeni, amene ndi pafupifupi 21 peresenti ya mpweya umene timapuma. Carbon dioxide ndi wolemera kuposa mpweya wamba, choncho amakuta motowo n'kuumana okosijeni. N'chifukwa chake amathandizanso pa petulo ndi penti. Koma pa matiresi, mapepala kapena nkhuni, moto umatsalira mkati n'kudzukanso. Pa mafuta ophikira musayese dala, amawamwaza ali chiyakire. Thimitsani chitofu, vundikirani poto.

Kagwiritsidwe kake nkosavuta: solola kapini, lozetsa patsinde pa moto, finya chogwirira, yendetsa uku ndi uku. Osagwira kukamwa kwake kwangati lipenga kuja. Mpweyawu umatuluka wozizira mpaka madigiri 78 kunsi kwa ziro, moti umawaula khungu ngati moto womwe. Kaching'ono ka makilogalamu 2 kamatha m'masekondi ochepa chabe, ndiye khomo lizikhala kumbuyo kwanu. Moto ukakula, thawani, itanani ozimitsa moto.

Tsono chenjezo lalikulu nali. Chimene chimabanikitsa moto chimabanikitsanso munthu. M'zipinda zina za majenereta, za makina a magetsi ndi za injini za sitima zapamadzi muli mapaipi amene amadzaza chipinda chonse ndi mpweyawu moto ukabuka. Alamu imayamba yalira kuti anthu atuluke. Ikalira, siyani zonse, ngakhale foni ili pa tchaji. Mpweyawu sununkha, munthu amangokomoka. Ndipo musabwereremo mpaka odziwa atanena kuti mwapita mphepo.

Mawa mukafika kuntchito kapena ku hositelo, kachiyang'aneni chozimitsiracho, muwerenge zimene zalembedwapo, mufunse tsiku limene chinayesedwa komaliza. Paja safunsa anadya phula.