Galu akamakoka miyendo, musathamangire chibonga

Galu amene dzulo amathamanga bwinobwino akadzuka akukoka miyendo yakumbuyo, pamakomo ambiri mlandu wake sutenga nthawi. Ena amati wadya poizoni, ena amati ndi chiwewe, ndipo pofika madzulo amakhala ataphedwa. Manthawa ali ndi pogwira. Koma pali vuto lina la msana limene limagwetsa galu chimodzimodzi, ndipo agalu ambiri otere amadzukanso akasamalidwa bwino m'masiku oyambirira.

Pakati pa mafupa a msana pamakhala tinkhata tofewa timene a chipatala amati disc. Kunja kwake n'kolimba, m'kati muli zofewa. Kankhata kakang'ambika, zam'katizo zimatulukira m'ngalande momwe mumadutsa mtsempha waukulu wa msana, umene umatenga mauthenga kuchokera kuubongo kupita kumiyendo ndi kuchikhodzodzo. Mwa munthu mtsemphawu umathera m'mwamba, cha pafupa loyamba kapena lachiwiri la m'chiuno, n'chifukwa chake ambiri amene tinawapeza ndi vutoli amamva ululu wotsika ndi mwendo koma akuyendabe. Mwa galu umatsika mpaka kufupi ndi kumapeto kwa chiuno, choncho kankhata kakaphulika kamapana mtsempha weniweniwo, miyendo n'kufa m'maola ochepa.

Mu 1952 dokotala wa ziweto wa ku Sweden, Hans-Jörgen Hansen, adagawa vutoli pawiri. Agalu a miyendo yaifupi monga Dachshund, Pekingese ndi French Bulldog, nkhata zawo zimauma akadali aang'ono ndipo zimaphulika mwadzidzidzi. Agalu akuluakulu monga German Shepherd, amene ambiri m'tauni mumawetera chitetezo, nkhata imatupa pang'onopang'ono akamakalamba.

Musanakhudze galuyo, funsani za chiwewe, ndipo apa ndikunena makamaka kwa inu mavolontiya a zaumoyo. Si galu aliyense wachiwewe amene amalusa. Wina amangofooka, kufa ziwalo, chibwano lende, dovu chuchuchu, kulephera kumeza, mawu osintha. Galu wa vuto la msana nthawi zambiri amadziwabe mwini wake ndipo amadya, kungoti ululu ungamulumitse munthu. Ndi maso okha simungatsimikize. Chotsani ana, mutsekereni galuyo, itanani mlangizi wa ziweto. Ngati waluma munthu, tsukani balalo ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo osadikira kuona kuti galu atani. Kupha galu n'kumukwirira msangamsanga kumataya umboni, pamene a zaziweto akadatha kumuyang'anira masiku 10 kapena kuyeza ubongo wake.

Apa ndi pamene khadi la katemera limapulumutsa galu. Amene amabayitsa chaka ndi chaka, kaya kwa alangizi a boma, ku LSPCA ku Lilongwe, kapena pa makampeni a Mission Rabies amene adayamba ku Blantyre mu 2015, dokotala amamuyeza msana ndi mtima wokhazikika. Wopanda khadi amayamba kuganiziridwa chiwewe, ndipo mpake.

Dokotala akamuona, amatsina kwambiri chala chakumbuyo. Kungokoka mwendo sikuwerengedwa, poti mwendo umatha kukoka wokha uthenga usanafike kuubongo. Akufuna aone galu akucheuka kapena kulira. Mwa agalu amene akumvabe kutsinako, pafupifupi 9 mwa 10 amayendanso akachitidwa opaleshoni. Amene asiya kumva, ochira amakhala cha m'matheka. Tsiku lililonse limene mukuzengereza, galu angachoke m'gulu loyamba n'kulowa m'gulu lachiwiri.

Opaleshoniyo imafuna sikani ya CT kapena MRI, dokotala woidziwa ndi ndalama zambiri, zimene mabanja ambiri sangazifikire. Ena akamva zimenezi amati basi palibe chochita. Sindigwirizana nawo. Galu amene akumva ululu kapena kudzandira koma akuyendabe amachira kawirikawiri ndi mankhwala a ululu ochokera kwa dokotala komanso kutsekeredwa m'kakhola kakang'ono kwa milungu 4 mpaka 6, kongokwanira kugona ndi kutembenuka. Amatuluka pa chingwe pokadzithandiza basi. Chithandizochi n'chotsika mtengo, koma timachiwononga tokha. Pakatha masiku angapo ululu umachepa, galu n'kuyamba kulirira kunja, ana n'kumumvera chisoni n'kumutsegulira. Akangodumpha khonde kamodzi, nkhata imene idali isanapole imaphulika yotsalayo.

Chifundo china chimavulaza kuposa apo. Brufen ndi diclofenac za m'kabati mwanu zimaboola m'mimba mwa galu ndi kuwononga impso. Kuthowa, kusisita ndi kukoka miyendo kuti "mafupa abwerere" kumangopanitsa mtsempha. Pomunyamula, muikeni pathabwa kapena pachitseko chakale kuti msana usapindike. Tikamaphunzitsa za ngozi zapamsewu timanena zomwezi za munthu, ndipo munthu wodwala msana akachita dzanzi pakati pa miyendo kapena kulephera kukodza, ameneyo ndi wa kuchipatala ola lomwelo.

Galu amene wasiya kuyenda amafuna ntchito. Chikhodzodzo chimadzaza osatha kutulutsa, ndipo mkodzo umene mumauona ukudontha ndi wosefukira chabe. Pemphani dokotala akuonetseni kafinyidwe kake, katatu kapena kanayi pa tsiku. Mugonekeni pofewa ndi pouma, muzimutembenuza maola angapo alionse kuti asachite zilonda. Ngati kufa ziwaloko kukukwera kufika kumiyendo yakutsogolo ndipo akupuma movutika, mtsempha ukuwola ndipo sabwereranso. Pamenepo dokotala wa ziweto ali ndi jakisoni womugoneka mosamva ululu.