Mbiri ya Makomboni a Lusaka Ifuna Alembi Ace

Ndi midzi yowerengeka ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi imene iribe mwana wace ku Lusaka. Mauthenga ndi ndalama zimafika kumudzi kucokera ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George, koma ndi ocepa amene adziwa m'mene malo amenewa anayambira.

Kale malo a Lusaka anali cidikha ca udzu ndi madambo, dziko la Asoli ndi Alenje. Dzina la mzindawu linacokera kwa mfumu ya mudzi, Lusaaka. Njanji inafika pamalopo mu 1905, ndipo mu 1935 boma la atsamunda linasamutsa likulu kucoka ku Livingstone kudza ku Lusaka. Okonza mzinda anaganizira za nyumba za Azungu ndi minda yao ya maluwa, koma munthu wakuda anamuyesa mlendo wodzagwira nchito cabe. Nyumba inali kudza ndi nchito, ndipo nchito ikatha, munthu anali kutuluka ndi katundu wace.

Tsono anthu otere anapita kuti? Pansi pa nthaka ya Lusaka pali mwala wa laimu, ndipo eni mafamu amene anali kuphwanya miyala ndi kuumba njerwa analola anchito ao kumanga tinyumba ta dothi pamalo pao. Anthu ena anatsatira, nalipira lendi. Ndico cifukwa cace makomboni ambiri ali ndi maina a eni malo: John Laing, John Howard, ndi George, amene anatenga dzina la Mgriki woumba njerwa. Chawama poyamba inali kudziwika ndi dzina lakuti Roberts. Matero ndiyo yosiyana, popeza inamangidwa ndi khonsolo m'zaka za m'ma 1950, ndipo Mtendere inayamba mu 1967, pamene anthu anapatsidwa mapuloti kuti adzimangire okha.

Ufulu utadza mu 1964, malamulo oletsa anthu kukhala m'tauni anatha. Mu 1969 Lusaka inali ndi anthu 262,000, ndipo pofika mu 1980 anapitirira 500,000. Boma linaona kuti kugwetsa nyumba sikungathetse bvuto. Cotero mu 1974 linaika lamulo lobvomereza makomboni, ndipo ndi ngongole ya ku World Bank anthu a ku George, Chawama ndi Chaisa analandira mipope ya madzi, miseu, ndi mapepala owalola kukhala pamalo pao zaka 30.

Mbiri imeneyi inalembedwa, koma ndi yani? Ann Schlyter wa ku Sweden anatsata moyo wa anthu a ku George zaka zambiri. Karen Tranberg Hansen analemba za mabanja a ku Mtendere m'buku la Keeping House in Lusaka mu 1997. Namwali Serpell, wobadwira mu Lusaka mu 1980, anaika Kalingalinga m'buku lace la nthano, The Old Drift, limene linatuluka mu 2019 ndi kulandira mphotho ku Britain mu 2020. Awa ndi mabuku olemekezeka, koma onse ali m'Cizungu, pamene cilankhulo ca pamsika, pampope ndi pamaliro m'makomboni ndi Cinyanja. Mai amene anaponda dothi la nyumba yoyamba sangathe kuwerenga mbiri ya thukuta lace lomwe.

Kuti Cinyanja cikhoza kunyamula nkhani zazikulu, Julius Chongo anaonetsa poyera. M'zaka za m'ma 1970 mabanja a kumudzi ndi a m'komboni anali kuzinga wailesi kumvetsera Poceza m'Madzulo, m'mene iye yekha anali kusintha mau, nakhala nkhalamba, mkazi ndi mwana m'nthano imodzi. Chongo anamwalira mu 1995. Mau a pa wailesi amapita ndi mphepo, koma zina za nthano zace zinapulumuka cifukwa Ernst Wendland anazisonkhanitsa, ndipo zinasindikizidwa ku Lusaka mu 2004.

Phunziro lace ndi lomweli. Ambiri a iwo amene anaumba njerwa za George ndi kukumba zitsime za Kanyama anapuma nchito nabwerera kumudzi, ndipo amene atsala ndi moyo akalamba ndithu. Mbali yaikulu ya mbiri ya likulu iri pakhonde pa nyumba za ku midzi ya Kum'mawa. Aphunzitsi ndi ana a sukulu angacite bwino kukhala pansi ndi agogo amenewa ndi kope m'manja, ndi kulemba caka cimene anafika m'tauni, amene anawaloza malo omangapo, kumene anali kutunga madzi, ndi m'mene anali kubisalira pamene apolisi anadza kudzafunsa citupa. Mau a akulu akoma akagonera, koma amagonera kokha ngati wina anawasunga.