Chinangwa Chachikasu

Ana inu, mukapita ku Blantyre mudzaona amayi akugulitsa chinangwa m'mbali mwa msewu ku Chitawira ndi pa msika wa Zingwangwa. Anthu ambiri a kumeneko amwera tiyi chinangwa chophika m'malo mwa buledi. Mbewu imeneyi kwawo ndi ku South America, ndipo amene anadza nayo ku Africa ndiwo Apwitikizi. Ipirira chilala koposa chimanga. Njala ya 1949, imene inasautsa anthu a m'dera la Blantyre, itikumbutsa kuti mbewu yotere siyenera kunyozedwa.

Koma chinangwa choyera chili ndi chosowa chake. Chikhutitsa mimba ndi kupatsa mphamvu, koma chilibe vitamini A wokwanira. Mwana wosowa vitamini ameneyu saona bwino kukayamba mdima, adwaladwala, ndipo chikuku chikamgwira chimzunza kwambiri.

Chifukwa chake akatswiri a ulimi anafunafuna chinangwa cha mkati mwachikasu, pakuti chimene chichititsa chikasucho thupi lichisandutsa vitamini A. Ntchito yawo aichita motere. Atenga ufa wa duwa la chinangwa chachikasu nauika pa duwa la chinangwa chobereka bwino. Njere zikakhwima azifesa, ndipo mbande iliyonse imera yosiyana ndi inzake, monga ana a mayi mmodzi. Asankha zabwino zokhazokha nabzala mitengo yake. Ntchitoyi itenga zaka zambiri, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Akatswiri a IITA, ku Ibadan m'dziko la Nigeria, anagwira ntchito yotere, ndipo mu 2011 dziko limenelo linaloleza alimi kubzala mitundu itatu yachikasu. Kuno kwathu uliponso mtundu wachikasu wotchedwa Chamandanda, dzina lokumbutsa mandanda, ndiwo mazira.

Tsono mtundu wabwino pawokha sukwanira. Chinangwa chimva nthaka ndi mvula. Chikasu chichokera ku mtundu, koma kukula kwa mizu, kuchuluka kwa ufa ndi kuwawa zisinthika monga mwa malo ndi nyengo. Mtundu wobereka bwino ku Nkhata Bay ukhoza kulephera ku mapiri ozizira. Ndicho chifukwa chake akatswiri ayesa mbewu m'malo osiyanasiyana, monga ku Chitedze, ku Bvumbwe ndi ku Mkondezi, asanaipereke kwa alimi.

Chilala chiopsa koposa, pakuti chichulukitsa ululu umene uli m'mizu. Mu 1981, m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, anthu ambiri anapuwala miyendo chifukwa njala inawadyetsa chinangwa chowawa chosakonzedwa bwino. Chowawa chonse chiyenera kusendedwa ndi kuviikidwa m'madzi masiku angapo chisanadyedwe.

Ena akana chinangwa chachikasu, nati nchamadzimadzi, ndipo nsima yake siyera. Mawu awo si achabe, pakuti mitundu yambiri yachikasu ili ndi ufa wochepa poyerekeza ndi yoyera, ndipo akatswiri akali kulimbana ndi vuto limeneli. Koma kodi kuyera kwa nsima kuposa maso a mwana? Iyayi. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Sitinena kuti muzule Manyokola amene makolo anu awadziwa. Tinena kuti mumpatse mlendoyu mizere iwiri kapena itatu pambali pake, muone m'mene achitire pa nthaka yanu.

Mukakolola, samalani kaphikidwe. Dzuwa liononga chikasu, motero makaka oyanikidwa nthawi yaitali ataya vitamini wambiri. Kuphika mizu yaiwisi kusunga wochuluka. Thupi lilandira vitamini A bwino pamene pali mafuta, chifukwa chake idyani chinangwacho pamodzi ndi ndiwo zotendera. Chigwada chophika bwino nacho nchopindulitsa thupi.

Uzani makolo anu zimene mwawerengazi, ndipo afunse mlangizi wa zaulimi kumene mbewuyi ipezeka. Pemphaninso aphunzitsi kuti m'munda wa sukulu mubzale mitundu yonse iwiri. Pokolola mudule mizu, muyerekeze maonekedwe ndi kukoma kwake, ndipo mulembe zimene mwaona.