Musanagule galimoto ya geni, funsani za giyabokosi

Wamalonda akamasankha galimoto yake yoyamba, mafunso amakhala atatu: ndi ndalama zingati, imamwa mafuta bwanji, nanga matumba angakwanemo angati. Za giyabokosi zimathera pa mawu akuti "ndi otomatiki", basi ndalama n'kuperekedwa. Komatu pamenepo ndi pofunika kuchedwapo, chifukwa otomatiki ilipo mitundumitundu, ndipo mtundu umodzi ukhoza kukudyerani mpamba.

Mtunduwu umatchedwa dual-clutch, mwachidule DCT. A Volkswagen amautcha DSG, a Ford PowerShift, a Honda i-DCD. Mukakhala pachiwongolero simungasiyanitse ndi otomatiki wamba. Koma mkati mwake muli magiya onga a manyuwo ndi makilatchi awiri. Imodzi imagwira giya 1, 3, 5 ndi 7, inayo 2, 4 ndi 6. Phazi lanu silipondapo, imaponda ndi kompyuta. Galimoto ikuyenda pa giya 3, giya 4 imakhala italowa kale, ikungodikira. N'chifukwa chake imasintha msanga ndipo siwononga mafuta. Pamsewu wa tala wopanda zoimitsa, ndi yokoma kuyendetsa, sitingakane.

Vuto ndi lakuti geni siyenda pamsewu wotero. Mumakwawa pamdipiti wa magalimoto pa mlatho wa Lilongwe, mumaima n'kunyamuka kakhumi mu Limbe kufuna poimika, mumakwera chitunda cha fumbi mutalongeza kachewere wa ku Tsangano mpaka kudenga. Makilatchi a m'magalimoto ang'onoang'ono ambiri a DCT ndi ouma, sali m'mafuta oti aziwaziziritsa. Galimoto ikamakwawa, kilatchi imakhala yogwira theka, ikukhulana, monga amachitira wophunzira kuyendetsa amene sachotsa phazi. Imatentha, imatha msanga, kenako galimoto imayamba kunjenjemera ponyamuka. Mukawonjezera katundu wolemera, ndiye mwathira mafuta pamoto.

Izi si nkhani za m'magalaja a ku Biwi kapena ku Ndirande okha. M'chaka cha 2013, Volkswagen inaitanitsa magalimoto oposa 380,000 ku China kuti ikakonze DSG. Mu 2018, khoti ku Australia linalamula Ford kulipira chindapusa cha madola 10 miliyoni a dzikolo chifukwa cha momwe inkachitira ndi madandaulo a anthu pa PowerShift ya mu Fiesta, Focus ndi EcoSport. Honda Fit Hybrid yomwe inatuluka ku Japan mu 2013 inaitanidwa kangapo chaka chisanathe, nkhani yake giyabokosi yomweyi. Kumeneko eni magalimoto anali ndi kampani yoti aidandaulire. Inu amene mwaigula itayenda kale zaka 10, n'kudutsa pa Dar es Salaam ndi pa Songwe, mukadandaula kwa ndani?

Apa ndi pamene manyuwo imapambanira. Kilatchi ya manyuwo ikamatha imachenjeza: injini imalira koma liwiro osaoneka, ndipo mumakhala ndi nthawi yosonkha ndalama. Makaniko wa pa Lizulu kapena pa Jenda akhoza kuisintha tsiku limodzi. Batire ikafooka, anyamata a pamsika amakukankhani n'kulira. DCT ikadwala, nthawi zambiri pamafunika makina oiyezera, munthu woidziwa, ndi chipangizo choitanitsa kunja. Chimene chimavuta kawirikawiri mu DSG ndi bokosi lolamula magiya lotchedwa mechatronic, ndipo ngakhale mutasintha makilatchi, kompyuta imafunika kuikonzanso kuti iwazolowere. Chiyambire kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense woitanitsa katundu akudziwa momwe dola ikuwawira. Ndiye muwerengerenso masabata amene galimoto ili pamiyala, inu mukuchita hayala ya wina kuti tomato asaolere kumunda. Ndalama imeneyo ogulitsa magalimoto saitchula.

Ena anena kuti mafuta ndi odula, ndipo Fit Hybrid imamwa pang'ono zedi. Zoona. Ngati ntchito yanu ndi kuperekera makasitomala zovala, mafoni kapena makeke, katundu wopepuka pamsewu wabwino, mukhoza kupindula nayo. Koma wa matumba a chimanga, makala, simenti kapena mabelo a kaunjika, ndalama imene wapulumutsa pa pampu chaka chonse ikhoza kuthera pa ulendo umodzi wa ku galaja.

Chovuta china n'chakuti magalimoto a manyuwo ochokera ku Japan akusowa. Ngakhale Toyota Probox, yomwe amalonda amaidalira, inasiya kutuluka ya manyuwo mu 2014. Mukapanda kuipeza, otomatiki yachikale ija ya magiya anayi kapena asanu imapirira kukwawa kuposa DCT youma, bola muzisintha mafuta ake.

Ngati mtima wagwa kale pa galimoto ina, yang'anani nambala ya chasisi. Pa Honda, yoyamba ndi GP5 ndi Fit Hybrid, GP7 ndi Shuttle Hybrid, RU3 ndi Vezel Hybrid, GB7 ndi Freed Hybrid, ndipo zonsezi ndi za DCT. Freed yakale ya GB3 si ya mtunduwu. Pa Polo kapena Golf, funsani ngati DSG yake ili youma ya magiya 7 kapena ya m'mafuta ya magiya 6. Ya m'mafutayo ndi yolimbirako, koma imafuna mafuta ake enieni pa makilomita 60,000 alionse, choncho muuzeni wogulitsa akuonetseni umboni woti ankasintha.

Poiyesa musathamangitse pa M1, pamenepo iliyonse imaoneka yabwino. Iyendetseni mpaka itenthe, mukweze anthu anayi, mupite pachitunda, muime n'kunyamuka pang'onopang'ono kasanu, muyesenso kubwerera m'mbuyo chokwera. Ikanjenjemera, ikachedwa kugwira, kapena ikagunda posintha kuchoka giya 1 kupita 2, bwezani makiyi. Ndipo musanalipire, itengereni kwa makaniko wa makina oyezera amene mwamusankha nokha, osati amene wakulozerani wogulitsayo.